Mphamvu za Atsikana a ku Katete ndi Mpira wa Rugby

Ku Katete palibe amene ankatsutsa zoti mkazi ndi wamphamvu. Ife amene tinakulira m'midzi ya kwa Kawaza ndi kwa Mbang'ombe m'zaka za m'ma 1970 tinkaona amayi athu akutsika ku mapiri a Mphangwe atasenza mtolo wa nkhuni woti abambo awiri azithandizana powatula, mwana ali kumbuyo, khasu lili m'manja. Mtsikana wosinja chimanga mpaka mtondo kumveka kutsidya kwa dambo ankatamandidwa, ndipo ankhoswe ankamudziwa msanga. Mphamvuzo zinali ndi malo ake, kumunda, kuchitsime ndi pamtondo. Kupita nazo pabwalo, utavala kabudula, amuna akuonerera, chinali chinthu chochititsa manyazi mtundu wonse.

Kusukulu ife atsikana tinali ndi masewera athu. Tinkachita chiyato pansi pa mtengo wa mango, waida, ndi mpira wamanja, umene aphunzitsi ankaulola chifukwa wosewera sathamanga ndi mpira ndipo sagundana ndi mnzake. Anyamata ankamanga chimpombwa cha mapepala ndi luzi n'kutenga bwalo lonse. M'kalasi mwathu munali mtsikana wina wojintcha, wa mapewa otambalala, amene ankalowa pakati pa anyamatawo osapempha. Akaika phewa, mnyamata ankapezeka ali pansi akupukuta fumbi. Tonse tinkamukonda. Atatha msinkhu analowa m'nyumba masabata angapo, ndipo atatuluka anali munthu wina: kuyenda pang'onopang'ono, maso pansi, chitenje mpaka kuakakolo. Tsiku lina mpira utagubuduzikira kumene iye anali, anaubweza ndi phazi, azakhali ake ali pafupi. "Iwe, wakula tsopano. Miyendo imeneyo uziisunga," anatero. Chaka chisanathe anakwatiwa cha ku Sinda, ndipo mphamvu zake zonse zinathera m'minda ya thonje. Azakhaliwo sindiwaimba mlandu, pakuti ankamuteteza m'njira imene iwo ankaidziwa. Koma mtima umandiwawabe ndikamukumbukira, chifukwa sindinaonenso munthu wina wobadwira masewera ngati iye.

Zinthu zinayamba kugwedezeka ndi nkhonya, mpira unabwera pambuyo. M'zaka za m'ma 2000, Esther Phiri, mayi wa ku Mtendere ku Lusaka amene ankagulitsa ndiwo zamasamba, anayamba kuoneka pa wailesi yakanema akumenya akazi ochokera kunja n'kuvala malamba. Pa Katete Stores anthu ankadzaza m'sitolo iliyonse imene inali ndi kanema, ena atakanirira pawindo. Amuna omwe aja ankati mkazi sakwezera munthu dzanja ndiwo ankakuwa kwambiri kuti "M'patse! M'patse!" Mu 2016 Catherine Phiri anakatenga lamba wa WBC ku Mexico. Kenaka kunabwera Barbra Banda wa mpira wamiyendo, amenenso anamenyako nkhonya. Mu 2018 anapita ku Logroño ku Spain, kuchoka uko ku Shanghai ku China, ndipo pa masewera a Olimpiki a ku Tokyo mu 2021 anagoletsa zigoli zitatu pokumana ndi Netherlands, n'kubwerezanso zitatu pokumana ndi China. Barbra anabadwira ku Lusaka, koma kuno dzina la Banda ndi la Phiri lili m'mudzi uliwonse, choncho tinamutenga ngati mwana wa pakhomo.

Chimene chinatembenuza mitima ya makolo ambiri ndi ndalama, ndipo ine sindiona cholakwika pamenepo. Mu 2024 timu ya Bay FC ya ku America inalipira madola oposa 780,000 kuti itenge Racheal Kundananji wa kuno ku Zambia kuchokera ku Madrid CFF, mtengo umene panthawiyo unali usanalipiridwepo pa mkazi wosewera mpira padziko lonse. Posakhalitsa Orlando Pride inatenga Barbra pa madola 740,000, ndipo chaka chomwecho anaigoletsera chigoli chimene chinaipatsa chikho. Kutsidya kwa malire, Temwa Chawinga wa ku Rumphi anagoletsa zigoli 20 ku Kansas City, mkulu wake Tabitha ali ku Lyon ku France. Mlimi amene wagulitsa soya chaka chonse osakwanitsa malata a nyumba akamva zimenezi pa Mphangwe FM, amayamba kumuyang'ana mosiyana mwana wake wamkazi uja amangothamanga ndi anyamata.

Za rugby ndinazidziwa mochedwa. Ndinkangomva kuti ndi masewera a kumigodi, kumene kuli matimu monga Diggers ya ku Kitwe ndi Mufulira Leopards, komanso a asilikali monga Red Arrows ndi Green Buffaloes ku Lusaka. Mu Seputembala 2025 mdzukulu wanga amene amaphunzira ku Lusaka anabwera kudzationa, ndipo madzulo ena anandiikira foni m'manja. "Agogo, taonani amayi awa," anatero. Anali akazi a South Africa akulimbana ndi New Zealand ku Exeter, m'ndime ya makotafainolo a chikho cha dziko lonse. Anandifotokozera kuti mbali iliyonse imakhala ndi anthu 15, mpira wake ndi wosongoka kuwiri ngati papaya, umaponyedwa chammbuyo basi, ndipo amene waufikitsa kuseri kwa mzere wa adani n'kuugunditsa pansi amapatsidwa mapointi asanu. Ine maso anga anali pa matupi. Ndinaona akazi asanu ndi atatu akukolekerana mapewa, kuwerama, n'kukankhana ndi anzawo asanu ndi atatu mpaka udzu kuzuka. Ndinaona awiri akunyamula mnzawo m'ntchafu kumukweza m'mwamba kuti awakhe mpira. Panali aafupi ojintcha, aatali owonda, a miyendo ikuluikulu, aliyense ali ndi ntchito yoyenera thupi lake. Popita kokapuma zinali 10 kwa 10. Pomaliza New Zealand inapambana 46 kwa 17, koma aka kanali koyamba kuti akazi a South Africa afike pa ndime imeneyo, atagonjetsa Italy 29 kwa 24.

Mwa akaziwo muli Babalwa Latsha, wokulira ku Khayelitsha, komboni yaikulu ya ku Cape Town. Rugby anaiyambira ku yunivesite kumene ankaphunzira za malamulo. Mu 2020 anapita ku Eibar ku Spain, n'kukhala mkazi woyamba wa mu Africa kulembedwa ntchito yosewera rugby yolipidwa, ndipo mu 2023 anatengedwa ndi Harlequins ya ku London. Malo ake ndi kutsogolo kwenikweni kwa gulu lokankhana lija, kumene kumafunika khosi ndi msana wolimba. Mtsikana wa kwathu amene wasenza ndowa ya malita 20 kuyambira ali ndi zaka khumi, khosi limenelo ali nalo kale.

Masewerawa nawonso anachokera kutali. Chikho choyamba cha akazi chinachitikira ku Wales mu 1991, ndi matimu 12, chokonzedwa ndi amayi anayi, akuluakulu a rugby padziko asanachivomereze. Timu ya Soviet Union inafika yopanda ndalama za chakudya, moti osewera ankagulitsa tinthu timene anabwera nato kuti apeze zodya. England inayamba kulipira akazi ake onse a timu ya dziko ngati antchito mu 2019. Pa 27 Seputembala 2025, anthu 81,885 anadzaza bwalo la Twickenham kuonerera England ikugonjetsa Canada 33 kwa 13. Zonsezi zachitika ine ndili kale munthu wamkulu, ndikulera ana anga.

Ku Zambia akazi osewera rugby alipo, ndipo timu ya dziko yakumanapo ndi Zimbabwe. Koma njira yake imayambira ku Lusaka ndi kumigodi. M'masukulu amene ndayendamo ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi sindinaonemo mizati italiitali ya rugby, ngakhale mpira wake. Kochi wofuna osewera sangakhote kuchoka mu msewu wa Great East kulowa fumbi la kwa Pembamoyo kukafuna mwana amene sanaugwirepo mpirawo. Pa mpira wamiyendo zinthu zili bwinoko, chifukwa chimpombwa aliyense atha kumanga, ndipo masiku ano pa mipikisano ya masukulu atsikana amalowa m'bwalo ndi makabudula, amayi awo akuululutira kunja kwa mzere. Amayi amenewa ndi ana a anzanga aja tinkachita nawo chiyato.

Ndikaganiza bwino, chimene chinatsegula khomo kwenikweni ndi sukulu. Mtsikana amene wakwatiwa ali ndi zaka 14 sangasewere mpira wamtundu uliwonse. Mu 1997 boma linalola kuti mwana wasukulu amene watenga pakati abwerere m'kalasi akabereka. Mu 2022 maphunziro anakhala aulere mpaka Giredi 12, ndipo kumapeto kwa 2023 lamulo linaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale ukwati wachikhalidwe. Kalonga Gawa Undi ndi mafumu ake akhala akudzudzula kukwatitsa ana, ndipo mawu ochokera ku Mkaika kuno amamveka kuposa pepala la ku Lusaka. Anamkungwi akadalipo ndipo ndimawalemekeza, koma ambiri tsopano amadikira sukulu itsekere, namwali n'kubwerera m'kalasi pa nthawi yake. Atsikana otenga pakati akadali ambiri m'maboma athu atatuwa, zimenezo sindingabise. Komabe amene akufika Giredi 10 ali mbeta, akuthamangabe, ndi ochuluka kuposa m'nthawi yathu.

Kwa amenewa ndi kumene ndikufunira rugby. Pali mtundu wake wa anthu asanu ndi awiri mbali iliyonse, umene unalowa mu Olimpiki mu 2016, ndipo akazi a ku Kenya anakasewera chaka chimenecho ku Rio de Janeiro. Umenewo sufuna zambiri: bwalo la udzu limene sukulu iliyonse ili nalo kale, mipira ingapo, ndi mphunzitsi wodziwa kuonetsa ana kagwetsedwe koyenera kuti asavulazane khosi ndi mutu, chifukwa kumeneko ndiye kuli ngozi ya masewerawa. Aphunzitsi athu ambiri amachokera ku koleji ya ku Chipata. A Zambia Rugby Union atafika kumeneko n'kuphunzitsa ngakhale gulu limodzi la amene akumaliza maphunziro, aliyense n'kumupatsa mpira wopita nawo kusukulu imene amutumiza, ana a ku Sinda ndi ku Vubwi angayambe kusewera chaka chomwecho.