Khasu la mwini munda ndi khasu la waganyu

Munthu akaima pa chipala panga nanena kuti akufuna khasu, sindifulumira kutchula mtengo. Ndimayamba ndamufunsa kuti akalima pati. Funso limeneli ndinatengera kwa malume anga, amene anandiphunzitsa kusula pano pa Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire. Iwo ankati khasu la kudimba si la kumphala. Kudimba, madzi akaphwa, dothi limatsala lofewa, ndiye khasu lake likhale lotambalala koma lopepuka, kuti mayi wokwirira mbatata asamve msana dzuwa lisanafike paliwombo. Kumphala, kumene timabzala mapira ndi mchewere, ndiponso pa makande amene amauma gwa m'chilimwe, pamafunika lopapatiza, lochindikala, loti likagwa lokha lilowe pansi. Wofuna khasuyo akandiyankha, ndimayang'ana msinkhu wake ndi manja ake, kenako n'kusankha chitsulo.

Zitsulo ndimagula kwa ogulitsa zakutha ku Bangula. Sipuling'i ya galimoto imachita bwino pa nkhwangwa ndi chikwanje, koma pa khasu palibe choposa disiki ya pulawo ya thirakitala, poti inapangidwira kulimbana ndi dothi kale. Makala ndimafuna a tsanya, chifukwa amatentha kwambiri ndipo sapsa msanga, kungoti tsanyayo akunka natalikira chaka ndi chaka. Mvukuto wa malume unali wa zikopa za mbuzi, ndipo ntchito yanga yoyamba inali kuupopa mpaka mapewa kuchita dzanzi. Wanga ndi wa gudumu la njinga lozunguza chopemerera, mwana wamng'ono amatha kuuyendetsa.

Kusula n'kuwerenga moto. Chitsulo chikangofiira pang'ono, nyundo imangodumphapo. Chikafika pa chikasu, ndiye chamvera, umenye msanga chisanazizire. Chikayamba kuthetheka, wachipsereza, kataye. Povuta penipeni ndi pa msuka, kamchira kolowa mumpini kaja. Ukaupyapyalitsa pamene ukumana ndi khasu, udzathyoka tsiku loyamba pa makande, ndipo mwini wake sadzapondanso pakhomo pako. Pomaliza ndimaviika m'madzi kukamwa kokha, osati khasu lonse, pakuti lonse likaviikidwa limalimba mopitirira n'kumasweka ngati phale. Ndikaligogoda limayenera kulira mokoka, ngweee. Likalira mogonthera, muli mng'alu umene maso sakuuona. Kenako ndimatenthanso msuka n'kuulowetsa mumpini kuti udzibowolere wokha malo ake, utsi uli tolo.

Akuluakulu ankatiuza kuti dzina loti Amang'anja linachokera ku ng'anjo zosungunulira chitsulo. David Livingstone pokwera Shire mu 1859 anapeza anthu a chigwa chino akusula makasu awo ndi kupota thonje lawo. Ng'anjozo zinazima kalekale, makasu a m'sitolo atadzaza dziko, koma chipala sichinazime, chifukwa la m'sitolo silifunsa kuti ukalima pati.

Malume anadya bwino nthawi ya thonje. Anthu akagulitsa ku msika wa ADMARC cha mu Juni ndi Julaye, ankabwera ndi ndalama m'manja. Bambo mmodzi ankaitanitsa makasu anayi: lake, la akazi ake, ndi timakasu tiwiri ta ana oti ayambe kuphunzira. Ankakhala pansi pa mtengo n'kumadikira, kuliyesa m'manja, kulibweza kuti ndichepetseko apa, ndikhotetseko apo. Sankathamanga, pakuti mvula inali idakali kutali ndipo munda unali wake. Masiku amenewo sitima inkadutsa pano, pa njanji imene inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo Chiromo anali malo oti munthu atchule monyadira.

Mu 1997 madzi anadula njanji ndi msewu pakati pa ife ndi Bangula, pa Mtayamoyo paja. Thonje nalo linayamba kugwetsa anthu mphwayi: mankhwala kudula, ogula kubwera mochedwa, mtengo wosabweza thukuta. Koma chimene chinasintha ntchito yanga kotheratu ndi madzi a mu Januwale 2015, pamene Ruo anasiya njira yake n'kudzera m'midzi ya ku Makhanga. Madzi a Shire akasefukira amasiya matope achonde, n'chifukwa chake makolo sanathawe kudimba. Ruo amatsika ku Mulanje mwaukali, ndipo chaka chimenecho anasiya mchenga. Minda imene ndinkaidziwa ndi maina a eni ake inakwiririka. Anthu asanaime bwino, namondwe wa Freddy anabweranso mu Malichi 2023.

Munthu amene munda wake wasanduka mchenga sasiya kulima. Amakalima wa mnzake. Ndipo waganyu ndimamudziwa asanatsegule pakamwa. Sabwera mu Julaye, amabwera mu Disembala kapena Januwale, ufa utatha m'nyumba. Ndikamufunsa kuti akalima pati, amati, “Paliponse pamene ndipeze, madala.” Amafuna khasu lotambalala kuposa onse, chifukwa amalipidwa pa ndime, ndipo lotambalala limamaliza ndime msanga. Ndimamuuza kuti limeneli likupwetekani msana pa dothi louma, iye amangoti ana sanadye. Saliyesa m'manja. Nthawi zambiri amatenga pa ngongole, kuti adzalipira akalandira, ndipo chimene akalandire mwina ndi mbale ya chimanga. Ndimapereka ndithu, ngakhale zitsulo zinakwera mtengo kwambiri kwacha itagwa mu Novembala 2023. Chimene chimandiwawa n'chakuti masiku amene akupalira munda wa wina ndi omwewo amene kachigawo kake kotsala kakumera udzu. Chaka chamawa adzakolola zochepa, adzabweranso mu Disembala.

Anyamata ambiri amawoloka Shire kukadula nzimbe. Inenso ndili mnyamata ndinadulako nyengo ziwiri pa esiteti ina. Tinkalowa m'munda wotenthedwa kusanache, potuluka thupi lonse lili bii ndi mwaye, manja ali matuza. Ndalama inalipo, sindinganame, ndipo njinga yanga yoyamba ndinagula ndi imeneyo. Koma chikwanje chinali chawo. Nyengo itatha ndinabweza, n'kubwerera kumudzi kukadikira ngati adzandilembenso. Malume atandiona anangondilozera mvukuto, ndipo sindinapitenso.

Tsopano tikumva za ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira, ya Shire Valley Transformation Programme, imene akuti idzatsika mpaka ku Bangula. Alimi akuphatikiza minda yawo kuti ikhale munda umodzi waukulu wa kopaletivi, monga anachitira a ku Phata ndi nzimbe zawo. Ine sinditsutsa. Chigwa chino chimapsa ndi dzuwa madzi akudutsa pamphuno pathu, ndipo amene anadyapo nyika za m'dambo chaka cha njala sangakane ulimi wothirira. Ndikudziwanso kuti munda waukulu umalimidwa ndi thirakitala, ndipo ine chondifikira chidzakhala disiki yakutha. Zimenezo ndavomera. Nkhawa yanga ili pa mayi amene dzina lake silili m'kaundula wa eni minda chifukwa munda wake uli pansi pa mchenga. Ena akamagawana phindu, iye adzalowa pa geti ngati waganyu, ndi khasu lotambalala la ngongole lija.

Inu a boma ndi a mabungwe amene mumabwera ndi mapepala, pogawa malo siyirani banja lililonse kadimba kake ka chakudya, ndipo amene anataya minda ndi madzi muwalembe poyamba. Mukumbukirenso kuti ngalandeyo ili tsidya lija, pomwe ife a kwa Mlolo tili tsidya lino. Msewu wathu unaduka mu 1997, ndipo madisiki amene ndimasulira makasu ndimawolotsabe pa bwato.