UBWENZI WA ZAMBIA NDI CHINA UMAONEKERA PA MSEU WA KU RUFUNSA

Munthu akacoka mu Lusaka pa mseu waukulu wa Great East Road kulunjika kum'mawa, amayamba wadutsa dziko lacidikha la minda ya cimanga mpaka ku Chongwe. Kupitirira pamenepo dziko limasintha. Mseu umayamba kukhotakhota, mapiri amayandikira, ndipo pa Chinyunyu pali akasupe a madzi otentha amene amatuluka m'nthaka akufuka nthunzi. Apa ndiye kuti mwalowa m'boma la Rufunsa, dziko la Asoli, la mafumu Bunda Bunda, Mpanshya ndi Shikabeta. Kale dera limeneli linali pansi pa Chongwe, koma linapatsidwa boma lakelake m'nthawi ya Pulezidenti Michael Sata.

Ku Rufunsa kulibe nyumba ya kazembe, kulibe doko, kulibenso njanji. Komabe wofuna kuona ubwenzi wa Zambia ndi China, maiko awiri olekanitsidwa ndi nyanja yaikulu, angathe kuuona bwino kuno. Taimani pa masitolo a m'mbali mwa mseu muyang'ane katundu: nyale za sola, mafoni, mawailesi, nsapato za pulasitiki ndi zipangizo za njinga. Wambiri mwa katundu ameneyu anapangidwa ku China, nawoloka nyanja pa sitima, nakwera malole kucokera ku madoko monga Dar es Salaam, Beira ndi Durban kufikira pakhomo panu.

Ubwenzi umenewu ndi wakale. Zambia analandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, ndipo pa 29 mwezi womwewo maiko awiriwa anagwirizana zotumizirana akazembe. M'caka ca 1965 Ian Smith anapandukira Britain ku Rhodesia, ndipo njira zakum'mwera zimene mkuwa wathu unali kutulukira zinakhala m'manja mwa adani. Masiku amenewo mseu uno unasenza nao mtolo wa dziko, pakuti katundu wina anali kulowera ku Malawi ndi kudzera m'mapiri ano pa malole. Ulalo wa pa Luangwa, umene wapaulendo amaupeza akatsika mapiri a Rufunsa, unatsegulidwa mu 1968.

Koma malole okha sakanakwanitsa. A Kenneth Kaunda ndi a Julius Nyerere a ku Tanzania anafuna njanji yopita ku nyanja yosadzera kwa atsamunda. Maiko a azungu anakana kupereka ndalama, nati nchitoyo ilibe phindu. A Kaunda anapita ku Beijing mu 1967, ndipo caka comweco China anavomera kumanga njanjiyo ndi nkhongole yopanda ciwongoladzanja. Nchito inayamba mu 1970 ndi kutha mu 1975: makilomita 1,860 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi. Imeneyi ndiyo TAZARA. Naye Zambia sanaiwale kuti kupatsa ndi kuika, pakuti mu 1971 anali pakati pa maiko amene anathandiza boma la ku Beijing kupeza mpando wake ku bungwe la United Nations.

Bwenzi lokuthandiza pa tsoka siliiwalika. Koma ubwenzi wa lero ndi wa malonda, ndipo pa malonda munthu amawerenga, ngakhale wogula ali mbale wake.

Nanga ife timatumiza ciani ku China? Cacikulu ndi mkuwa wa ku Copperbelt ndi ku North-Western. Koma anthu a m'mapiri ano, pamodzi ndi anansi ao a ku Nyimba ndi Petauke, akudziwa katundu wina amene anatuluka m'nkhalango zao. Ndiwo mtengo wa mukula. Mtima wa mtengowu ndi wofiira ndi wolimba, ndipo amisiri a ku China amapanga nao mipando ndi matebulo a mtengo wapatali. M'zaka zotsatira 2010 ogula anafika m'midzi yambiri ya Zambia. Anyamata analowa m'thengo ndi nkhwangwa ndi masowo, nasenza zipika pamapewa kutsika nazo m'mapiri kumene galimoto silingafike. Iwo analandira ndalama zocepa, pamene cipika comweco cikafika kutsidya kwa nyanja mtengo wake unali kukwera kowirikiza kambirimbiri. Phindu lalikulu linatsalira kwa amalonda apakati, a kuno kwathu ndi akunja omwe.

Mu 2017 Boma linaletsa kutumiza zipika za mukula kunja. Mu 2019, pa msonkhano wa maiko wa CITES ku Geneva, anansi athu a ku Malawi anapempha kuti mtengowu uikidwe pa mndandanda wa zolengedwa zosaloledwa kugulitsidwa kunja popanda cikalata, ndipo maiko anavomera. Koma lamulo silimeretsa mtengo. Mukula umatenga zaka makumi ambiri kuti ukhwime, kotero kuti mnyamata woudula lero sadzaona wolowa m'malo mwake atakula. Pamene zitsa zacuruka, mvula imakokolola nthaka kutsikira nayo ku mitsinje yothira mu Lunsemfwa ndi Luangwa. Makolo anati cikondi ca nkhwangwa cikoma pokwera. Kodi sitinacite cimodzimodzi ndi nkhalango zathu, zimene tinazikonda pa tsiku la ndalama lokha?

Palinso nkhani ya nkhongole. Ndalama za ku China zinamanga zinthu zooneka ndi maso, monga nyumba yatsopano ya pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, imene inatsegulidwa mu 2021. Koma dziko linakongola kwa ambiri, ndipo mu Novembala 2020 linalephera kulipira ena mwa okongoza ake. Mu Juni 2023 maboma amene anakongoza Zambia anavomera kutalikitsa nthawi yobwezera madola 6.3 biliyoni, ndipo oposa 4 biliyoni mwa amenewa anali a China. Musaganize kuti imeneyi ndi nkhani ya a m'tauni okha. Kwacha iliyonse yopita ku nkhongole ndi Kwacha imene sinagule mankhwala a m'cipatala kapena kukonza mseu wopita kwa a Shikabeta.

Khomo la malonda abwino lilipo. Kuyambira pa 1 Disembala 2024 China anacotsa msonkho pa katundu wocokera ku maiko osauka amene ali nao pa ubale, ndipo Zambia ali m'gulu limenelo. Uci wa kuno kwathu unayamba kale kugulitsidwa ku China mu 2018. Tsono uci sucokera pa citsa. Njuci zimafuna maluwa a mitengo yamoyo, ndipo mng'oma umapatsa mwini wake caka ndi caka.

Lamulo la nkhalango la 2015 limalola anthu a m'midzi, mogwirizana ndi mfumu yao, kupanga gulu lolembetsedwa ku Boma loyang'anira nkhalango yao ndi kudyerera zotuluka m'menemo. Anyakwawa ndi eni mabanja, funsani za lamulo limeneli kwa a ofesi ya nkhalango pa boma. Ndipo mlendo akadza kudzagula mitengo, kaya ndi wa ku Lusaka kaya ndi wa ku China, mlandireni mwaulemu monga mwa mwambo wathu, mumpatse mpando ndi madzi akumwa. Akatha kupuma, mumfunse cikalata cake, ndipo mudziwe mtengo weniweni wa cinthu canu musanagwire nkhwangwa.