Kapu ija inali yong'aluka kale

Makina osokera aja ndinawapeza pa car boot, msika wa katundu wogwiritsidwa kale ntchito, kunja kwa Leicester, Lamlungu lina m'mawa kukuzizira kwambiri. Anali a Singer, opukusa ndi dzanja, akuda bii ndi timaluwa tagolide, abale awo a aja opondaponda amene atelala athu amakhala nawo pakhonde la sitolo. Mtundu wake unali 99K, ndipo K ameneyo amaimira Kilbowie, fakitale ya ku Clydebank ku Scotland imene inatsekedwa mu 1980. Mwini wake ankangofuna kupepukidwa katundu, anandipatsa pa £8. Ndinawapukuta, kuwathira mafuta, kusokerapo kansalu kuti ndione ngati ulusi ukuyenda, kenako ndinawajambula n'kuwaika pa eBay.

Chinali chaka cha 2007. Usiku ndinkagwira ntchito panyumba yosamalira okalamba, ndipo malonda a pa intaneti anali ganyu yanga yapambali. Ndalama zake ndinkasunga padera, zinali za malata a nyumba ya amayi kumudzi. Mawu oti okushoni ndinakula nawo, pakuti abambo anga ankalima fodya ndipo chaka ndi chaka mabelo awo ankapita ku Kanengo. Kumeneko wogula amadutsa pa belo, amaligwira, amalinunkhiza, ndipo akatchula mtengo pali anthu amene amuona nkhope. Okushoni ya pa intaneti ilibe nkhope. Umaika katundu masiku asanu ndi awiri, anthu osawadziwa amaponyerana mitengo, nthawi ikakwana amene ali pamwamba wapambana. Chimene chinkagwira msika wonsewo ndi ndemanga zimene wogula ndi wogulitsa ankasiyirana akamaliza: yobiriwira ngati zayenda bwino, yotuwa ngati zinali pakatikati, yofiira ngati wapsa. Pierre Omidyar, amene anayambitsa msikawu mu 1995, anaika njira ya ndemangayi chaka chotsatira, pokhulupirira kuti anthu ambiri ndi abwino ndipo oipa adzaonekera okha. Ine ndinali ndi ndemanga 142, zonse zobiriwira, 100 peresenti, ndi kanyenyezi pafupi ndi dzina langa. Ndinkakanyadira kuposa satifiketi yanga ya Fomu 4.

Malonda a makina aja anatha Lamlungu madzulo. Ndinayambira pa £9.99, ndipo sabata yonse mtengo unkangokwawa. Mphindi yomaliza anthu awiri anagwirana, manambala akudumpha ine ndili chilili ndi supuni ya nsima m'manja, mpaka anaima pa £71. Usiku womwewo ndinawerengera kale kuti ndi malata angati.

Ndinatumiza invoice. Zii. Tsiku lachitatu ndinamukumbutsa mwaulemu, iye n'kuyankha kuti alipira Lachisanu akalandira. Lachisanu linadutsa. Lolemba anati wadwala. Kenako anati sanali iye, mwana wake ndi amene ankaseweretsa kompyuta. Mwana wodziwa kudikira masekondi omaliza kuti agonjetse mnzake pa makina osokera! Apa m'pamene ndinayamba kulakwitsa, ngakhale nthawi imeneyo ndinkati ndikudziteteza. Ndinkamulembera ndikuchokera ku ntchito ya usiku, maso ali psuu, zilembo zonse zikuluzikulu. Ndinamutcha wakuba, ndinamutcha wotaya anthu nthawi. Uthenga umodzi ndinautumiza katatu.

Njira yabwinobwino inalipo, ndipo inali yosavuta. Pakatha sabata munthu asanalipire, wogulitsa ankatsegula mlandu wa katundu wosalipiridwa, n'kudikiranso masiku angapo kuti winayo ayankhe. Zikakanika, a eBay ankakubwezera ndalama imene amadula pa mtengo wogulitsira, ndipo wosalipirayo ankalembedwa chizindikiro. Zizindikirozo zikachuluka akaunti yake inkatha kutsekedwa. Ndinachita zonsezi ndipo ndalama yanga yodulidwa inabwera. Ndinatumizanso mwayi wachiwiri kwa munthu amene anagonja uja, koma chifukwa ndinataya masabata awiri ndikukangana, anali atagula kale kwina. Kunena zoona, zimene ndinaluza zinali zochepa: tindalama toikira malonda ndi nthawi. Makina anali ali pompo pakona. Ndikanangowaikanso.

Koma mtima unkafuna magazi. Ndinamusiyira ndemanga yofiira, yoona ndithu, yoti sanalipire. Ola lisanathe yake inafika: wogulitsa wamwano, katundu wosiyana ndi zimene analemba, mupeweni. Katundu amene sanamuone n'komwe! Masiku amenewo ndemanga inkalola zilembo 80 zokha, ndipo zilembo 80 zimenezo zinanditsitsa kufika pa 99.3. Nditatsegula tsamba la ndemanga zimene munthuyu anasiyira ena, ndinapeza mzere wa zofiira, aliyense amene anamudandaula anabwezeredwa chimodzimodzi. Tsambalo linali poyera kuyambira tsiku loyamba, ine ndi amene sindinaliyang'ane. Panalinso batani loletsa anthu okhala ndi zizindikiro zosalipira kuti asaponye mtengo pa katundu wako, ndipo ndinali ndisanalidinepo.

Zikanathera apa bwenzi ndikukuuzani nkhani ya munthu wolakwiridwa. Koma umboni wanga uli pa zimene ndinachita pambuyo pake.

Ndinaphunzira phunziro lolakwika. Ndinaona kuti ndemanga ndi mpeni, ndipo amene wayamba kusolola ndi amene amabayidwa. Kale wogula akangolipira ndinkamulembera yobiriwira nthawi yomweyo, pakuti mbali yake wakwaniritsa. Tsopano ndinasiya. Ndinkasunga yanga m'thumba mpaka iye alembe kaye. Ogulitsa ambiri ankachita zimenezi, ena mpaka ankalemba pansi pa malonda awo kuti ndemanga tidzasiya mukasiya yanu. Tonse tinkadziwa tanthauzo lake ngakhale palibe ankalitchula: ukandida, ndikuda.

Patapita miyezi iwiri ndinagula makapu a tiyi asanu ndi limodzi ndi timbale take m'sitolo ya zachifundo, oyera, a mkombero wagolide. Ndikuwatsuka pasinki ndinakweza imodzi kuwindo, ndipo ndinaona kamzere kopyapyala ngati tsitsi kochokera pamlomo kutsikira chapakati. Ndinaigogoda ndi chikhadabo. Zinzake zinkalira kuti ngwee, iyo inangoti pho. Ndinadziwa. Pojambula ndinaitembenuza kuti mng'aluwo uyang'ane kukhoma, ndipo ndinalemba kuti zonse zili bwino kwambiri. Mumtima ndinkati dziko lino landidyera kale, nanenso ndidyeko.

Anagula ndi mayi wina wa kumpoto kwa England, pa £24. Analipira pa PayPal mphindi khumi zisanathe. Anali watsopano pamsikawu, ndemanga 11 zokha, zonse zobiriwira. Ndinakulunga makapuwo m'nyuzipepala, kuika m'katoni, kukapereka ku positi ofesi. Patatha masiku anayi analemba uthenga wofatsa, woyamba ndi kuthokoza kuti ndinalongedza bwino, kenako n'kunena kuti kapu imodzi ndi yong'aluka, kodi tingathandizane bwanji. Sanatchule n'komwe ndalama. Ine ndinayankha kuti yang'alukira m'njira, ndipo akanafuna akanalipira inshulansi ya positi. Anayankhanso mofatsa kuti mng'aluwo ndi wofiirira ndi tiyi wakalekale, sungakhale wa sabata ino. Anali ndi maso kuposa mmene ndinkaganizira. Sindinayankhenso.

Ndemanga yake inati kapu imodzi yong'aluka, sizinalembedwe, wogulitsa wakana kuthandiza. Palibe liwu limodzi labodza. Ndinaiwerenga nditangolowa m'nyumba, jekete ndisanavule, ndipo zala zinalemba zokha: wogula wovuta, wofuna zaulere, ogulitsa chenjerani. Munthu wa ndemanga 11 ukamuthira yofiira imodzi ankatsika kufika pa 91.7, ndipo nthawi imeneyo ogulitsa ena akaona nambala yotere ankafufuta mtengo umene waponya. Ndinkadziwa kuti ineyo yofiira indikanda pang'ono chabe, koma iye imupweteka zedi. N'chifukwa chake ndinalemba.

Ndipo ndinali ndi pulani. Kunali njira yoti awiri okangana agwirizane kuchotserana zofiira pa chiwerengero chawo. Cholinga chake chinali chabwino, choti anthu akamvana asakhale ndi chipsera, koma m'manja mwa anthu ngati ine inasanduka chikole: ndakumenya kuti ubwere udzapemphe mtendere. Ndinamutumizira pempholo madzulo omwewo. Anakana. Anangolemba mzere umodzi, kuti anandilipira mphindi khumi zisanathe, ndiye cholakwa chake n'chiyani.

Mayi a kunyumba anauona uthengawo, pakuti kompyuta inali imodzi, patebulo lodyera. Iwo ndi amene anandigwirira nyali tsiku lojambula lija.

"Kodi bambo, si kapu ija munaitembenuza?"

"Mayi, za malondazi zisiyeni, simukuzidziwa."

"Za malonda sindizidziwa. Koma munthu uja wa makina munamutukwana mwezi wathunthu kuti analemba bodza pa dzina lanu. Nanga apa mwalemba chiyani pa dzina la mwana wa eni ake?"

Anatenga mbale n'kupita kukhitchini. Sindinagone tsiku limenelo, koma musaganize kuti ndinalapa. Ndinkangofufuza m'mutu njira yoti ndikhalebe wolungama. Ndinabweza £4 ya kapu imodzi patatha sabata, popanda liwu lililonse lopepesa, ngati ndikuponyera galu fupa. Ndemanga ikalembedwa sinkafufutika ndi mwini wake yekha, ndipo kamzere kowonjezera pansi pake, kamene ndikanatha kulemba kuti ndinalakwitsa ndine, sindinakalembe. Manyazi anandigwira pakhosi.

Mu Januwale 2008 eBay inalengeza kuti ogulitsa sadzathanso kusiyira ogula ndemanga yofiira kapena yotuwa, ndipo lamuloli linayamba kugwira ntchito mu Meyi chaka chomwecho. Chifukwa chimene anapereka chinali chomwechi, choti ogula ankaopa kunena zoona poopa kubwezeredwa. Ogulitsa anakwiya kwambiri, ena ananyanyala kuika malonda kwa sabata imodzi mu Febuluwale. Dandaulo lawo silinali lopanda pake: nanga munthu ngati wa makina uja tidzachenjezana naye bwanji? Inenso ndinalalata nawo, ndikumutchula iyeyo ngati chitsanzo kwa aliyense wofuna kumva. Za mayi wa makapu sindinkauza munthu. Zinanditengera nthawi kuvomereza kuti mpeni umene ankatilandawo, pa anthu awiri amene ndinawabaya nawo, mmodzi anali wosalakwa, ndipo wolakwayo sunamusinthe kanthu. Iye zofiira anali atazizolowera. Chimene chikanamuletsa ndi chizindikiro cha mlandu uja, chimene sichifuna mkwiyo wa munthu kuti chigwire ntchito.

Ndikugulitsabe mpaka lero, pang'onopang'ono, ndipo machitidwe anga ndi osasangalatsa kuwafotokoza. Anthu okhala ndi mbiri yosalipira ndinawatsekera kunja ndi batani lija. Katundu amene ndikudziwa mtengo wake sindimuikanso pa okushoni, ndimaika mtengo wokhazikika wolipira pompopompo. Munthu akapambana n'kusowa, ndimamukumbutsa kamodzi, mizere iwiri, masiku oikika akakwana ndimathetsa malondawo ndi chifukwa choti sanalipire, n'kupereka mwayi kwa wachiwiri tsiku lomwelo asanapite kwina. Zifukwa zake, kaya ndi mwana, kaya ndi matenda, sindizitsutsa ndipo sindizikhulupirira. Zokambirana zonse zimakhala pa mauthenga a pamsika pomwepo, osati pafoni, kuti munthu akati ubweze ndalama apo ayi ndikulembera yofiira, umboni ukhalepo. Kuopseza kotereku n'koletsedwa ndipo ndemanga yotero imatha kuchotsedwa ukaonetsa mauthengawo. Ndikalandira yofiira, sindiyankha ndisanagone. Yankho langa pansi pake silikhala la amene walembayo, limakhala la munthu wachitatu amene adzawerenge mawa akufuna kugula: chinachitika n'chakuti, ndinachita chakuti. Ndipo chithunzi choyamba cha katundu aliyense wachilema chimakhala cha chilemacho, chala changa chikuloza.

Makina aja sindinawaikenso pamsika. Mayi a kunyumba anawatenga, amapindira mathalauza a ana. Malata anagulidwa ndi ndalama zina, mochedwerapo ndi chaka chimodzi.

Akulu amati mlandu suwola. Akaunti ya mayi uja ndinaiyang'ana patapita miyezi ingapo ndipo inali idakali pa ndemanga 12, sanagulenso kanthu, ndipo pamwamba penipeni panali mawu anga. Dzina lake lenileni ndinaliona kamodzi kokha pa katoni, ndinaliiwala, ndipo Chichewa sangachiwerenge. Komabe ndilembe pano, poti pansi pa ndemanga paja ndinalephera: mayi, simunali wovuta, simunafune zaulere, ndipo positi sinaswe kanthu. Kapu ija ndinaiona ndekha pawindo, inali yong'aluka isanalowe m'katoni.