Funsani Mwini Wake

Ife aphunzitsi a m'boma la Chifunde, kuyambira ku Mualadzi mpaka kumalire a Cassacatiza, timalemekeza chikalata cha dokotala. Mwana akapimidwa mumzinda wa Tete n'kupezeka ndi otizimu, chikalatacho chimadza m'Chipwitikizi, chidindo chili pomwepo. N'chofunika ndithu, pakuti chimatchula dzina la chimene mwanayo ali nacho. Koma sichinena zimene iye amamva mvula ikamaomba malata, kapena kalasi yonse ikamabwereza mawu mofuula. Zimenezo amazidziwa ndi mwini wake.

Akatswiri nawonso adaphunzira mfundo imeneyi mochedwa. Leo Kanner adalongosola otizimu ku America mu 1943, ndipo kwa zaka zambiri akatswiri ena, monga Bruno Bettelheim, ankaloza chala amayi kuti sadakonde ana awo mokwanira. Maganizo amenewo adatsutsidwa. Pambuyo pake eni ake adayamba kudzilankhulira. Temple Grandin, amene adabadwa mu 1947 ndipo adachedwa kuyamba kulankhula, adafotokoza kuti amaganiza m'zithunzi, ndi kuti belu la kusukulu linkamupweteka m'makutu. Woona kunja akadati ndi mwana wamwano.

Nanga mwana wa kuno adzatiuza zotere m'chilankhulo chiti? Pakati pa 1993 ndi 1997, pulojekiti ya PEBIMO idayesa kuphunzitsa m'Chinyanja kuno ku Tete, ndipo ana adamasuka kulankhula m'kalasi. Ngati chilankhulo chachilendo chimatseka pakamwa mwana aliyense, kuli bwanji amene mawu amamuvuta kale?

Taona mwana wina amene ankathawa chitsulo chikalira. Atafunsidwa m'Chinyanja, pambali, adati chimamubaya m'mutu. Tidayamba kumuchenjeza chisanalire, kuti atseke makutu, ndipo kuthawa kudatha.

Tsono inu amene mukukonzekera ntchitoyi, funsani funso lalifupi m'chilankhulo cha kwawo, kenako dikirani. Yankho likachedwa, musamuyankhire. Amene salankhula mum'lole aloze, ajambule, kapena akugwireni dzanja akakuonetseni. Koposa zonse, khulupirirani zimene wanena, ngakhale zitasiyana ndi za m'buku. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife tikapanda kumumvera, mwanayo adzaleka kutiuza, ndipo posachedwa adzalekanso sukulu.