Mmisiri Amene Tinamusiya Pamthunzi

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, anabwera kutchuthi kuchokera ku Blantyre atanyamula laputopu yakale. Tsiku lina madzulo, ana a kumadrasa ataweruka, ndinampeza pakhonde akudina batani limodzimodzi mobwerezabwereza. Ndinayesa kuti makinawo afa.

"Ayi amalume, ndikusankha anthu," anatero osadzutsa mutu.

Masewerowo dzina lake ndi RimWorld, okonzedwa ndi Tynan Sylvester wa ku Canada, ndipo anatuluka athunthu mu 2018. Chombo chaphwasuka mlengalenga, anthu atatu agwera kudziko lachilendo, ndipo wosewera ayenera kuwatsogolera kuti alime, amange, aphike ndi kudziteteza kufikira pamalopo pakhale mudzi. Munthu aliyense amabwera ndi zaka zake komanso maluso 12, monga kumanga, kulima ndi kuchiza, ndipo luso lililonse limayezedwa kuyambira pa 0 mpaka 20. Apa ndi pamene pagona vuto. Wachikulire nthawi zambiri luso lake limakhala lokwera, koma amabwera ndi msana wopweteka, ng'ala m'maso kapena makutu osamva bwino. Wachinyamata thupi lake ndi lamphumphu, koma manja ake sadziwa zambiri. Mphwanga ankafuna munthu wa zaka 20 wokhala ndi luso la munthu wa zaka 60, ndipo popeza batanilo limabweretsa munthu watsopano nthawi iliyonse ukalidina, iye anali wokonzeka kudina mpaka batire litatha. Ndinamuona akutaya mayi wina wa zaka 67, katswiri pa zochiza, chifukwa chakuti ankayenda pang'onopang'ono.

Ndinayamba kumseka, koma kusekako kunandithera pakhosi. Zomwezo ndinazichitapo ine, osati pagalasi la kompyuta ayi, koma pa munthu wamoyo.

Aliyense wa kuno ku Nkhulambe akudziwa zimene namondwe wa Freddy anatichita m'mwezi wa Marichi 2023. Madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri, chipatala chathu chinawonongeka, misewu inaduka, ndipo tinaika maliro ambiri. Kachipinda kamene ndinkaphunzitsiramo ana kanagwa nakonso. Titapeza kangachepe koti timangirenso, komiti inakhala pansi kusankha amisiri. Panali bambo wina wachikulire, wopitirira zaka 70, amene anamanga nyumba zambiri m'dera lino ndipo anaona ndi maso ake napolo wa mu 1991 kuno ku Phalombe. Manja ake anali atayamba kunjenjemera, ndipo pamwamba sakanakweranso. Amene anaumirira kuti titenge anyamata okhaokha ndinali ine. Ndinati ndalama n'zochepa, ana akuphunzirira pansi pa mtengo, tifulumire mvula isanabwere. Zonsezi zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake palibe amene ananditsutsa.

Tsiku lokumba maziko, mkuluyo anafika ndi ndodo yake osaitanidwa. Anazungulira malowo kawiri, kenaka anati, "Amwalimu, maziko awa ngosaya, komanso pano ndi panjira ya madzi. Musunthire kumtundako." Ndinamuyankha kuti, "Tamva, agogo," ndipo ndinamuikira mpando pamthunzi wa mango. Ulemu wamtundu umenewu timaudziwa tonse: umakhazika munthu pabwino kuti asalankhulenso. Anyamata anamanga mwachangu zedi, khoma lowongoka, losangalatsa m'maso. Dzinja lotsatira lisanathe, mng'alu unatsika kuchokera pawindo mpaka pansi, woti chala n'kulowa.

Sindikuwada anyamatawo. Njerwa anazidziwa kuyala. Chimene analibe ndi zaka zoonerera kumene madzi amadzera mvula ikakwiya, ndipo zimenezo sizigulidwa pamsika.

Nditamfotokozera mphwanga nkhaniyi, anandiuza za masewero ena otchedwa Banished, a mu 2014. M'menemo, ukachedwa kumanga nyumba zoti achinyamata akwatiriremo, ana sabadwa. Mudzi umaoneka wolemera kwa kanthawi, kenaka antchito onse amakalamba pamodzi n'kufa motsatizana, minda n'kusowa woilima. Choncho, iye anati, kudalira okalamba okha nakonso n'kudzikumbira dzenje. Ndinavomereza. Koma ndinamfunsa ngati mu RimWorld muja mayi wochizayo angaime pambali pa mnyamata wodziwa pang'ono n'kumamuuza pogwira. Anati ayi, munthu wamkulu luso amalikweza yekha pogwira ntchitoyo. Zoti mkulu aziphunzitsa ana m'kalasi zinadza ndi gawo lowonjezera lotchedwa Biotech mu 2022. Anawonjeza kuti luso likapitirira pa 10 limatsika pang'onopang'ono ngati mwini wake sakuligwiritsa ntchito.

Pamenepo ndinaona kuti mphwanga sanalakwe kwenikweni. M'dziko limene luso silichoka kwa mmisiri wina kupita kwa mnzake, kuwerengera zaka zimene munthu watsala nazo n'kwanzeru. Ine ndinalibe chowiringula chotere. Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi yochotsa zimene zili m'mutu mwa wamkulu kuziika m'mutu mwa mwana, komabe ndinawerengera mkulu uja ngati manja awiri onjenjemera basi. Ndipo kumsiya pamthunzi chaka chathunthu kunamdyera nayenso, monga momwe zimachitikira m'masewero muja.

Chilimwe chathachi tinagwetsa khomalo. Kupita kunyumba kwa mkuluyo kukapepesa sikunali kophweka, koma sanandichititse manyazi. Anangofunsa ngati njerwa zakalezo tazisunga. Tasunthira kumtunda. Iye amalandira malipiro a mmisiri wamkulu ngakhale sanyamula njerwa ndi imodzi yomwe, ndipo ena m'komiti akung'ung'udzabe. Chingwe amagwira yekha. Levulo ndiyo imamvuta, chifukwa kathovu ka m'kati mwake sakukaonanso. Amaitana mnyamata wamng'ono pa onse, wa zaka 16, kuti amuonere, ndipo mnyamatayo akanena kuti kapendekera kumanzere, mkuluyo amamfunsa kaye kuti, "Nanga iwe ukuti titani?"