Khonje wa M'malire mwa Munda

Mwezi wa Disembala caka catha tinapha mbuzi yathu yaikulu pokonzekera cinkhoswe ca mlongo wanga. Mbuziyo inali itakhala miyezi itatu ikuwonda ngakhale imadya, ndipo tinkayesa ndi njoka za m'mimba. Titaitumbula, m'cifu tinapezamo cimpukutu colimba ca majumbo, zidutswa za saka ya feteleza ndi cingwe ca nailoni cimene ineyo ndinkaimangira.

Atsibweni anga ndiwo ankagwira mwendo pamene ndinkasenda. Iwo ndi mmodzi wa madgermanes, aja anapita kukagwira nchito ku Alemanha ya Kum'mawa boma lathu litapangana ndi dzikolo mu 1979. Anatembenuza cimpukutuco ndi mpeni nati, "Mphwanga, kumene ndinali ine anthu ankakwera galimoto za thonje."

Ndinaseka, koma iwo sanali kuceza. Galimotoyo inali Trabant, yopangidwa mumzinda wa Zwickau kuyambira 1957 mpaka 1991. Zitseko, denga ndi boneti yake zinali za Duroplast: nyenyeswa za thonje zosakaniza ndi utomoni wa m'fakitale, nazipsinja pa moto mpaka kuuma gwa. Mbali zimenezo sizinkacita dzimbiri.

"Kodi thonje lingalimbe bwanji cotero, atsibweni?"

"Si mmene amai ako amasakanizira udzu m'dothi pomata nkhokwe? Dothi lokha limang'aluka, udzu wokha sungaime. Ukaziphatikiza, cimodzi cigwira cinzace."

Nzeru yomweyi ndiyo ikugwira nchito m'mafakitale lero. Ulusi wa comera umapereka mphamvu, pulasitiki imamata. Makampani a galimoto monga Mercedes-Benz akhala akuika ulusi wa khonje ndi wa zomera zina m'kati mwa zitseko, cifukwa ndi wopepuka kuposa ulusi wa galasi ndipo umacepetsa pulasitiki yocokera ku mafuta a pansi. Ena amasakaniza khonje ndi simenti popanga matailosi ofolerera nyumba, ngakhale simenti imafooketsa ulusiwo zaka zikamapita.

Atsibweni sanabise kuipa kwace. Alemanha itagwirizana mu 1990, anthu anataya ma Trabant ambirimbiri, ndipo matupi ace anasautsa powataya cifukwa utomoni uja suola ndiponso susungunukanso. Ndiye kuti kuthira thonje kapena khonje mu pulasitiki sikutanthauza kuti cinthuco cidzabwerera kudothi. Ngakhale pulasitiki yocokera ku cimanga kapena nzimbe, yochedwa PLA, imafuna kutentha kwa malo apadera oolezera kuti iole msanga. Itatayidwa kuseri kwa khola, mbuzi ikhoza kuimeza monga jumbo wamba.

Usiku umenewo ndinakumbukira kwathu kwakale ku Malabwe, m'mphepete mwa Revúbuè. Kumeneko bango linali pafupi, ndipo mphasa, madengu ndi luzi sitinkagula. Amai ankapota cingwe pa nchafu uku akuceza, cikatha nchito cinkaolera pomwe cagwera. Mu 2010 tinasamukira kuno ku Cateme pamodzi ndi mabanja oposa 700 kuti malasha akumbidwe. Katundu tinanyamula, koma mtsinje ndi bango lace zinatsala. Pang'onopang'ono dengu linasanduka jumbo, luzi linasanduka nailoni ya kumsika wa Moatize, ndipo ana anga akula osadziwa kupota.

Malamulo alipo. Mu 2015 boma lathu linaletsa majumbo opyapyala osafika ma micron 30, ndipo ku Malawi, kutsidya kwa Zóbuè, analetsa osafika ma micron 60. Koma lamulo limangocotsa jumbo m'manja mwa munthu. Ngati pakhomo palibe dengu kapena cingwe cina, munthu adzabwerera kumsika komweko. Ine amene ndinkadandaula za mbuzi yanga ndinali ndisanadzalepo comera cimodzi copatsa ulusi pa zaka zonse ndakhala kuno.

Khonje ndiye woyenera nthaka yathu ya miyalayi. Kwao kwenikweni ndi m'dziko la Mexico, ndipo anafika ku Tanganyika mu 1893. Amapirira cilala, ndipo minga yace imachinga ziweto kuti zisalowe m'munda. Masamba amayamba kudulidwa patapita zaka ziwiri kapena zitatu. Nchito yace si yamasewera, pakuti pa makilogalamu 100 a masamba ulusi umatuluka makilogalamu 4 okha kapena kuceperapo. Fakitale ya zitseko za galimoto sindikuiyembekezera kuno. Cimene ndikufuna ndi cingwe comangira mbuzi, comangira denga la khola, ndi ulusi wolukira zikwama zopita nazo kumsika. Tsiku lina wogula ulusi wambiri akadzabwera, adzapeze khonje ali kale m'minda mwathu.

Mvula itakhazikika mu Januwale, ndinakwera chapa kupita ku Zóbuè kwa apongozi anga, amene mpanda wa munda wao ndi wa khonje. Anandizulira tiana take todzaza saka imodzi, ndipo ndinadzala m'malire mwa munda kumbali imene mbuzi zimalowera. Tina tinauma, tambiri tagwira. Ndinabwerakonso ndi masamba akuluakulu asanu, amai nawapala ndi mpeni wobuntha mpaka ulusi woyera utatsala. Masiku ano madzulo amakhala pakhonde ndi mwana wanga wamkazi, kumuonetsa kapotedwe ka pa nchafu. Cingwe cace coyamba cinatuluka cokhotakhota, koma kamwana ka mbuzi kamene tinamangira sikanadule.