Ndinatsala pang'ono kugulitsa kompyuta ya amayi

Kompyuta yanga ndi ya patebulo, yakale ndithu. Amayi anandigulira ndi ndalama za banki mkhonde ndili chaka chachitatu ku yunivesite. Mpaka lero ndi imene imandidyetsa, chifukwa ntchito yanga ndi yolemba.

Koma chaka chatha inayamba kunditopetsa. Ndikangotsegula Chrome ndi Word nthawi imodzi, basi yaima, ngati ikuganiza. Tsiku lina ndinachedwa kutumiza ntchito, kasitomala n'kupereka kwa wina. Usiku womwewo ndinaijambula kuti ndiitsatse pa Facebook. Amayi atamva anangofunsa kuti, "Yafa, kapena yadwala?" Ndinasowa choyankha.

Mnzanga wina wokonza makompyuta anandiuza kuti nditsegule Task Manager. Ndinapeza kuti RAM yanga ndi 4GB, ndipo pafupifupi yonse inali yodzaza. Anandifotokozera motere: hard disk ndi nkhokwe, RAM ndi lichero. Nkhokwe ingakule bwanji, ngati lichero ndi laling'ono upeta pang'onopang'ono.

Sindinadikire kuti amalize. M'mawa mwake ndinathamangira m'tauni n'kugula kandodo ka 8GB. Kufika kunyumba, kakukana kulowa. Ndinali nditagula DDR4 pamene makina anga ndi a DDR3. Ziwirizi sizilowana: DDR3 ili ndi timano 240, DDR4 288, ndipo kampata kapansi kali pamalo osiyana. Wogulitsa anakana kubweza ndalama, anangolola kusinthitsa nditamuchonderera. Safunsa anadya phula.

Ulendo wachiwiri ndinanyamula kandodo kakale m'thumba, n'kubwerako ndi tiwiri tofanana ta 4GB. Ndinazula chingwe cha magetsi, ndinagwira chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi asaononge kanthu, kenako ndinakanikiza kandodo kalikonse mpaka timaloko ta m'mbali tinatseka kuti tswa. Nditayatsa, mtima uli m'mwamba, inaonetsa 8GB.

Ngati yanu ikuchedwa, musathamangire kugula. Onani kaye ngati RAM ndiyo ikudzaza, mtundu wake, malo otsala mkatimo komanso malire a motherboard yanu. Dziwaninso kuti ya laputopu ndi yaifupi, singalowe.

Amayi ndinawaimbira madzulo ake. "Yachira," ndinatero. Iwo anaseka, n'kuti, "Ndiye ya banki mkhonde ija ubweza liti?"